Khungu Lakuda Si Matenda Ofuna Mankhwala

Ndine telala kuno ku Majaua, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Tepi yanga yayeza matupi a mitundu yonse: onenepa, owonda, aatali ndi aafupi. Chimene chimandiwawa n'chakuti atsikana ambiri akaima kuti ndiwayeze amayamba ndi kudzinyoza. Wina amati mimba yakula, wina amati ndine wakuda ngati makala.

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga anabwera nkhope ili psuu, zala zili bii. Anali atagula mafuta oyeretsa khungu kumsika ku Milange chifukwa anyamata ankamuseka. Ndinamukhazika pamkeka n'kumufunsa kuti, "Mwanangu, khungu limene unabadwa nalo lakulakwira chiyani?" Anangogwetsa misozi.

Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mercury kapena hydroquinone. Mercury amawononga impso, ndipo hydroquinone ukadzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990.

Komatu mlanduwu ndi wathunso akuluakulu. Khanda likabadwa loyererako timalulutira kwambiri. Mtsikana akawonda timanong'onezana kuti ali ndi kachilombo. Ana amamva zonsezi, ndipo amakula akudana ndi matupi awo.

Pantchito yanga, kapulana ndiye amadulidwa kuti akwane thupi la mwini wake, ndipo thupi lililonse limatchena likasokeredwa bwino. Amayi anzanga, azakhali ndi agogo, tiyeni tiyamikire ana athu mmene alili, tisiye kuwaseka.