Kalata yomata ndi ufulu wa mzika

Okondedwa athu mwa Ambuye, akhristu a ku Thazima ndi midzi yozungulira,

Akuluakulu pakati panu akukumbukira zaka za chipani chimodzi, pamene kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale inkatha kufika itawerengedwa kale ndi maso ena, ndipo munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatchule dzina la Ngwazi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu itawerengedwa m'matchalitchi, boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo Monsignor John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, anapirikitsidwa m'dziko. N'chifukwa chake Malamulo Aakulu a 1994, pa gawo 21, analetsa kulowerera pa makalata ndi mauthenga a lamya a munthu. Amene analemba gawoli ankadziwa zimene anadutsamo.

Lero kalata zathu zambiri zili m'foni. Pa WhatsApp ndi pomwe mayi amapempha mwana wake wa ku Johannesburg ndalama za feteleza, alimi amauzana mitengo ya fodya, ndipo anthu amadandaulirana za msewu wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, umene akhala akulonjezedwa zaka zambiri. Kuyambira 2016 uthenga wa pa WhatsApp umakhomedwa pochoka m'foni ya wotumiza ndipo umatseguka m'foni ya wolandira yekha. Ngakhale kampani ya lamya siingauwerenge. Loko ameneyu ndiye guluu womata envulopu ya masiku ano, ndipo maboma ambiri sakondwa naye. Mu 2025 boma la Britain linakakamiza kampani ya Apple kuti ilitsegulire njira yoonera zimene anthu asunga, ndipo kampaniyo inachotsa chitetezo china kwa anthu a m'dzikolo.

Kwathu kuno lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limafuna kuti opereka ntchito yokhoma mauthenga alembetse ku MACRA ndi kuulula mmene loko wawo amagwirira ntchito. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa pa dzina la mwini wake. Makina ounikira lamya otchedwa CIRMS, amene anthu anawatcha makina a ukazitape, anakokanirana m'makhoti zaka zingapo mpaka analoledwa. Ndipo kumayambiriro kwa 2025, chaka cha chisankho, MACRA inalengeza zogula makina ena olondola nkhani zabodza pa intaneti.

Chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mchitidwewu ulibe chipani. Mu Febuluwale 2016, mu ulamuliro wa DPP, a Jessie Kabwila ndi anzawo ena a MCP anamangidwa pa mlandu wofuna kulanda boma chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp. MCP italowa m'boma, tinayembekeza kuti amene analawa chitolokosi adzakhala oyamba kutseka khomo limeneli. Koma mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe, namulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata chokhudza katangale, ndipo chaka chomwecho namwino wina anamangidwa chifukwa cha mawu onyoza Pulezidenti amene analemba pa gulu la WhatsApp. Aliyense akakhala kotsutsa amalira. Akafika ku Capital Hill amasunga chida chomwe chija.

Sitikunena kuti bodza, miseche ndi kuba kudzera pa foni n'zazing'ono. Ambiri mwa inu mwaberedwapo ndi anthu onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limagwira ntchito pa foni monga pa bwalo. Wapolisi amene ali ndi umboni apite kwa woweruza, atenge chilolezo, afufuze munthu mmodzi woganiziridwayo. Chimene tikukana ndi kiyi wotsegula nyumba zonse. Kiyi wotere sakhala m'thumba limodzi: lero ali ndi wapolisi wokhulupirika, mawa ndi mnyamata wa chipani, mkuja ndi mbala.

Mpingo umadziwa kulemera kwa chinsinsi. Wansembe saulula zimene wamva m'sakramenti la kulapa, ngakhale atamuopseza ndi ndende, chifukwa munthu amene akuopa kuti wina akumvetsera sanena zoona. Momwemonso kalaliki amene waona mankhwala akubedwa, kapena mlimi amene waona dzina lake litachotsedwa pa mndandanda wa feteleza, adzakhala chete akadziwa kuti uthenga wake ukafika kwa amene akumudandaulayo.

Motero tikupempha aphungu a boma la Rumphi kuti akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti lamulo la 2016 liunikidwenso, kuti foni ya munthu isatsegulidwe popanda chilolezo cha khoti, ndiponso kuti MACRA ifotokoze poyera zimene makina ake amatha kuona ndi amene amawayang'anira. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linaika udindowu m'manja mwa MACRA yomweyo. Tikuona kuti mlonda ameneyu akufunika womulondera.

Kwa inu akhristu, milandu yambiri ya pa WhatsApp siyamba ndi makina ayi, koma ndi mnzathu wa pagulu amene wajambula uthenga n'kuupereka kwina. Kambiranani zimenezi m'miphakati yanu mwezi uno, ndipo atsogoleri a Chilungamo ndi Mtendere alembe maganizo anu ndi kuwapereka ku parishi.