Agogo akadutsa timati chiyani?

Anzanga, mkangano wa "mpingo woona ndi uti" sutha pasukulu pano. A Seventh Day akokera ku Sabata, a Katolika kwawo, a CCAP kwawo, a Pentekoste nawonso, mpaka belu kulira popanda wogonja. Ine wanditopetsa. Funso langa ndi lina: tikaweruka masana n'kukumana ndi gogo wosenza nkhuni panjira, pakamwa pathu pamatuluka chiyani?

Tsegulani kalata ya Yakobo, mutu 1, ndime 26 ndi 27. Yoyamba ikukamba za munthu wodziona ngati wopembedza koma osagwira lilime lake, ndipo ikuti kupembedza kwakeko n'kopanda ntchito. Yachiwiri ikutchula ana amasiye ndi amayi amasiye, kuti kuwayendera pamavuto awo, komanso kudzisunga kuti za m'dziko zisatidetse, ndiko kupembedza kumene Mulungu amakulandira. Dzina la mpingo mulibemo, yunifolomu ya kwaya mulibemonso.

M'midzi mwathumu ndime ziwirizi zimakumana pa munthu mmodzi: gogo wamasiye wokhala yekha m'kanyumba kodontha. Maso ake ndi ofiira chifukwa waphika pa utsi wa nkhuni moyo wake wonse. Amayankhula yekha chifukwa alibe wocheza naye. Koma mwana wa pafupi akangodwala malungo, timva kuti "ndi agogo aja." Nanga amene amafalitsa mawuwo kuchoka pamjigo kukafika mudzi wachitatu ndani? Nthawi zambiri ndife ana asukulu, poti timayenda mtunda tsiku lililonse ndipo njira imafupika ndi miseche. Akatipatsa mango timakataya kuseri. Akatipatsa moni timathawa n'kumaseka. Ena mwa ife dzulo lake tinali ku SCOM kapena ku YCS, kuimba mpaka mawu kusasa.

Musati ndi nthabwala chabe. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Chipolowe chotero sichiyamba tsiku limodzi, amayamba ndi manong'onong'o ngati athu omwewa. Ndipo kwa amene simukudziwa, lamulo la za ufiti la 1911, lomwe aboma amalitcha Witchcraft Act, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Wina anena kuti, "Aise, ufiti ulipo, ngakhale m'Baibulo umatchulidwa." Chabwino, sindikangana nawe pamenepo. Koma undiuze: wadziwa bwanji kuti ndi agogo awa? Nanga bwanji mfiti nthawi zonse imakhala wosauka, wopanda mwana wamwamuna womuteteza? Amayi a mwini golosale sawanena, amayi a ahedi sawanena. Penanso mukafufuza bwino mupeza kuti agogowo ali ndi munda wachonde kapena dimba lomwe achibale akulisirira. Akathamangitsidwa, chaka chomwecho wina wadzalamo kale chimanga. Ife timangogwiritsidwa ntchito ngati wailesi yaulere, eti.

Sindikunena kuti tisiye kupemphera kapena kupita kutchalitchi, ayi. Ife a Fomu 2 JCE ikubwerayi tipemphera kwambiri, ndipo n'zoyenera. Koma pakamwa pomwepo popemphera kuti tikhoze Masamu ndi pamene pakutchula gogo wa eni kuti mfiti. Zimenezi ine sizindilowa.

Ndalama tilibe, tonse tikudziwana. Ambirife timabwera m'mimba muli gwa, sopo yemwe amativuta. Koma kutunga ndowa imodzi ya madzi sikufuna ndalama. Kuwaza nkhuni, kusesa pabwalo, kuwaperekeza kuchipatala, kapena kungokhala pansi n'kufunsa kuti "Agogo, mwaswera bwanji?" n'kudikira yankho. Chovuta kuposa zonsezi ndi kuyankha mnzako pagulu, akayamba nkhani ija, kuti "Unaona ndi maso ako?" Akuseka, mwinanso anena kuti nawenso akuphunzitsa kutamba. Pamenepo ndiye pofunika kulimba mtima.

Kwa atsogoleri a SCOM ndi YCS, pempho langa ndi ili: mvula isanayambe, tisankhe tsiku limodzi tikafolere nyumba za agogo awiri kapena atatu oyandikana ndi sukulu, titauza kaye amfumu ndi aphunzitsi otiyang'anira. Tipewe Loweruka kuti a Seventh Day asatsale. Atsikana tisenza udzu, anyamata mubwere ndi luzi.