Kampani iyendetse bungwe, koma chidindo chikhale kwa eni ake

Mabungwe ambiri a mamembala kuno kwathu amafa imfa yofanana. Amayamba ndi moto, anthu n'kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, onse ongodzipereka. Pakatha zaka ziwiri kaundula wa mamembala saoneka, za ndalama zolembetsera aliyense akunena zake, ndipo msonkhano waukulu wapachaka ungosunthidwa mwezi ndi mwezi. Nthawi zambiri sipakhala wakuba ayi. Mlembi uja ndi mphunzitsi, ali ndi makalasi ake. Msungichuma ali ndi golosale yake. Za bungwe amazigwira usiku atatopa kale.

Ku America vutoli adalipezera njira kalekale. Kumeneko kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyendetsa mabungwe a eni ake. Imodzi mwa makampani akuluakulu otere ndi Smithbucklin ya mumzinda wa Chicago, yomwe idayamba mu 1949. Bungwe la madokotala kapena la amalonda silivutika kuchita lendi ofesi ndi kulemba antchito akeake. Limalipira kampani, ndipo kampaniyo imatolera ndalama za umembala, kusunga mabuku ndi kukonza misonkhano. Akauntanti mmodzi amatha kusamalira mabungwe angapo, choncho mtengo wake amagawana. Komiti yosankhidwa ndi mamembala imatsala ndi ntchito yomanga mfundo.

Wina anena kuti izi n'za kunja. Apite ku Chikwawa akaone kopaletivi ya alimi a nzimbe ya Phata. Alimi kumeneko adaphatikiza minda yawo ing'onoing'ono kukhala munda umodzi waukulu wothirira, ndipo adalemba kampani ya Agricane kuti iziyendetsa ulimiwo. Nzimbe amagulitsa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, phindu n'kugawana molingana ndi kukula kwa malo amene aliyense adapereka. Makina othirira, ngongole zikuluzikulu ndi ndondomeko yodula nzimbe kuti zifike kufakitale pa nthawi yake si zinthu zoti komiti ya anthu ongodzipereka ingazisenze yokha. Alimiwo adachita bwino kuvomereza zimenezo, ndipo kopaletiviyo idakali yawo.

Ine ndili mbali ya njira imeneyi, koma ndili ndi nkhawa imodzi yaikulu. Amene amasunga mabuku ndiye amadziwa zinthu, ndipo amene amadziwa zinthu ndiye amalamula, ngakhale malamulo a bungwe atanena zina. Manijala wa kampani akabwera kumsonkhano ndi malipoti a masamba makumi atatu m'Chingerezi, mamembala amene ambiri sukulu adalekezera panjira amangowomba m'manja. Pang'ono ndi pang'ono wolembedwa ntchito amasanduka bwana, eni ake n'kumabwera ngati alendo odzalandira malipiro. Pamenepo bungwe latha, ngakhale ndalama zikulowa. Kampani ili pa bizinesi, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma chofuna chake choyamba n'chakuti kontrakiti ipitirire.

Nkhani yonse yagona pa zomwe zalembedwa mu kontrakitiyo. Ikhale ndi zaka zowerengeka, komanso inene poyera mmene mamembala angaithetsere ngati sakukhutira. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la bungwe, ndipo pa osayinira pakhale anthu osankhidwa ndi mamembala. Wofufuza mabuku pakutha pa chaka asankhidwe ndi msonkhano waukulu, asabwere ndi kampani yomwe akukaifufuzayo. Kaundula wa mamembala ndi mafailo onse a m'kompyuta ndi katundu wa bungwe, kampani ikamachoka iwasiye. Mfundo iyi imaoneka yaing'ono mpaka tsiku lomwe mwasemphana, n'kupeza kuti simukudziwa ngakhale chiwerengero cha anthu anu.

Lipoti la zachuma liziwerengedwa m'chilankhulo chomwe eni ndalamazo amamva. Ndipo kampani ilonjeze molemba kuti iphunzitsa achinyamata a m'bungwemo ntchito ya mabuku ndi ya utsogoleri, kuti mawa mamembala akhale ndi posankha.

Nanga mabungwe aang'ono, monga a ophunzira akale a pasukulu, a amalonda a mumsika kapena a akabaza, amene sangakwanitse kulipira kampani? Sakufunika kupereka zonse. Mabungwe anayi kapena asanu a m'tauni imodzi atha kusonkherana n'kulemba akauntanti mmodzi woti aziwasungira mabuku ndi kaundula, n'kumabweretsa lipoti miyezi itatu iliyonse. Misonkhano, zisankho ndi kuyendera mamembala pa maliro kapena matenda zikhalebe m'manja mwa komiti, chifukwa zimenezo kampani singazigwire ngakhale mutailipira zingati.