Mendulo yomwe inachedwa zaka 52

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga pa phunziro la History, lero tiyeni tikambirane za gulu la asilikali a ku America lotchedwa 92nd Infantry Division. Ine ndikuti nkhani yawo izilowa m'kalasi tikamaphunzitsa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Gululi linakhazikitsidwanso mu Okutobala 1942. Asilikali ake anali anthu akuda, koma maudindo apamwamba anali a azungu, ndipo wamkulu wa onse anali General Edward Almond. Mu 1944 anawatumiza ku Italy kukamenyana ndi asilikali a Germany m'mapiri. Pa 26 Disembala 1944, m'mudzi wa Sommocolonia, Lieutenant John Fox ataona kuti adani amuzinga, anauza anzake pa wailesi kuti aombe mizinga pamalo pomwe iye anali. Anafera pomwepo. Pa 5 Epulo 1945, Lieutenant Vernon Baker anatsogolera anzake kuphwasula malo angapo omwe adani ankaomberamo mfuti pafupi ndi Castle Aghinolfi.

Komatu nkhondo inatha popanda msilikali wakuda ndi mmodzi yemwe kulandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a ku America. Mpaka mu Januwale 1997 ndi pomwe Pulezidenti Bill Clinton anaipereka kwa asilikali akuda 7. Fox anali m'gulumo, koma wamoyo anali Baker yekha.

Tisabise, gululi linakumananso ndi zovuta. Mu Febuluwale 1945 linalephera kuthyola mzere wa adani ndipo linabwerera m'mbuyo. Almond analoza chala asilikali ake, nati vuto ndi mtundu wawo. Apa ndi pomwe pagona phunziro. Amene ankalemba malipoti ndi omwewo amene ankasala anthuwa, ndipo kulephera kwa mtsogoleri sikunkalowa m'lipoti lomwe walemba yekha. Mwana wa Fomu 4 akamva izi amayamba kufunsa kuti, kodi analemba ndani, nanga ankateteza chiyani? Funso limeneli ndiye mutu wa History.

Ndikudziwa ena munena kuti nthawi ndi yochepa, mayeso a MSCE sadikira. Zoona. Koma nkhaniyi imatheka m'mphindi 15, ndipo imatsegula khomo la kwathu kuno. Azigogo athu a King's African Rifles anakamenya nkhondo yomweyi ku Burma, nawonso molamulidwa ndi azungu. Ana athu angati angatchule dzina la mmodzi mwa iwo?

Mu 1948 Pulezidenti Harry Truman analamula kuti tsankho lithe m'gulu la nkhondo la America. Fox sanazione. Ife tili ndi choko m'manja, choncho tisadikire zaka 52 kuti timutchule.