"Green light": kodi ndani wayatsa nyali imeneyo?

Mukatsegula nyuzipepala ya Cizungu kapena kumvela nyuzi pa wailesi, sabata siitha musanamve kuti Cabinet yapeleka "green light", kapena kuti kontrakita akuyembekeza "green light" kuti ayambe kukonza mseu. Manje mau aya anatsika mpaka mu komboni. Wogulitsa maploti nayenso amati, "Mangani cabe, bakulu banapasa kale green light."

Tanthauzo lake si lovuta. Mauwa anacokela ku nyali za pa njanji na za pa mseu, zimene ise timati marobot: yofiila imilila, yobiliwila pita. Mzungu akati wapatsidwa green light, ndiye kuti amene ali na mphamvu pa nkhaniyo wavomeleza, nchito iyambe. Si lonjezo, si "tizaona", ndiponso si ndalama. Ni cilolezo cabe.

Apa pothela ndiye pamene ambili timasokonezeka. Kumbukilani nkhani ya IMF. Mu December 2021 boma na akatswili a IMF anagwilizana, anthu mu tauni n'kuyamba kukamba ngati madola afika kale pa Bank of Zambia. Koma bodi ya IMF inavomeleza ngongole ya pafupifupi 1.3 biliyoni ya madola kumapeto kwa August 2022, ndipo ndalamazo zinali zobwela m'zigawo, osati kamodzi. Nyali zinali ziwili, ndipo pakati pake panapita miyezi yoposa 8.

Cina cimene mauwa amabisa n'cakuti robot imasintha. Mgodi wa kopa wa Kangaluwi, mkati mwa Lower Zambezi National Park, ni citsanzo. ZEMA inakana mu 2012. Mu 2014 nduna inasintha cigamulo cija n'kuvomeleza. Nkhani inakhala m'makhoti zaka zambili, mu 2021 ZEMA inalola, ndiye mu 2023 ZEMA imodzimodziyo inaimitsa nchito n'kufafaniza cilolezo. Pa nthawi iliyonse mitu ya nyuzi inali kukamba ngati nkhani yathela pamenepo.

Koma kampani ya mgodi ili na maloya. Amene nimamvela cifundo ni mai wa pa msika amene wasonkha ndalama za cilimba zaka zitatu, wagula ploti, wathila slabu, cifukwa munthu wina wovala bwino anamuuza kuti green light ilipo. Funso limene safunsa n'lakuti: yacokela kwa ndani? Mwa lamulo la malo la 1995, malo onse mu Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, ndipo amene amapeleka malo a boma m'dzina lake ni Commissioner of Lands. Khonsolo imathandiza kusankha anthu na kutumiza maina. Kumanga nakonso kumafuna cilolezo ca khonsolo, pulani itadindidwa. Khansala payekha alibe mphamvu imeneyi. Ceyamani wa cipani mu komboni ndiye alibiletu, olo anthu amuope bwanji.

Anthu a ku Chingola anaziona mu August 2022, pamene khonsolo inagwetsa nyumba zambili zomangidwa pa malo a bwalo la ndeke la Kasompe. Munthu sagula simenti na malata popanda wina womulimbitsa mtima. Buludoza ikabwela, amene anati "mangani" saoneka, foni yake siipita, ndipo cimene ofisala amafunsa ni pepala.

Nikuona kuti mau a Cizunguwa ndiwo amathandizila cinyengo. M'Cinyanja ukati "andilola", mnzako amafunsa pomwepo kuti "ndani wakulola?" Ukati "nili na cilolezo", amati "tione". Koma "green light" ilibe mwini. Imamveka ngati yayaka yokha, monga robot ya pa Great East Road, popanda dzanja la munthu. Ndiye cifukwa cake andale amaikonda: nchito ikayenda bwino amati ndise tinayatsa, ikavuta palibe amene anasaina. Atolankhani nafenso timaikonda cifukwa ni yaifupi, imakwana bwino pa mutu wa nkhani, ndipo siitikakamiza kufufuza ngati cavomelezedwa ni pulani, ndalama, kapena kukambilana cabe.

Na ma projekiti a CDF ni cimodzimodzi. Komiti ya m'dela ikasankha kuti pamangidwe kiliniki, anthu amauzidwa kuti green light yabwela. Koma pakali kuvomelezedwa kwa mndandanda, pakali tenda, pakali kusaina kontrakiti, pakali kulipila. Miyezi ikapita popanda njelwa, anthu amayamba kunena kuti ndalama zadyedwa, pamene nthawi zina pepala likali pa tebulo yaciwili.

Ndiye mukamva mau aya, kaya pa wailesi kaya kwa wogulitsa ploti ku Chalala, funsani dzina la ofesi, tsiku, na kalata yokhala na cidindo. Ngati ni malo, pitani nokha ku khonsolo na ku Ministry of Lands mukaone nambala ya ploti musanapeleke olo ngwee imodzi. Wogulitsa akayamba kukwiya ati mukucedwetsa zinthu, musiyeni akwiye.