Ku Area 25 timangobwera kudzagona

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za moyo wathu kuno ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe. Ndakhala kuno zaka 18, koma mwezi watha ndinachita manyazi. Bambo oyandikana nawo nyumba anatisiya Lachiwiri, ine ndinamva Lachinayi thupi atapita nalo kale kumudzi ku Dedza.

Ndikanamva bwanji? Ndimachoka kusanache kukalimbirana minibasi pa Nsungwi, pobwerera kwada kale. Mipanda ya njerwayi nayonso yatitsekera ngati nkhuku m'khola.

Inu mafumu a m'mabuloko, bwanji osatuma mnyamata kugogoda pa geti lililonse pakagwa zovuta? Uthenga mumangouika pa WhatsApp, ena ife sitilipo. Mayi amasiyewo mpaka lero ndikuwazemba pa njira.

Wamanyazi,
Area 25, Lilongwe.