Mpata wa Masekondi Atatu pa Msewu wa ku Zóbuè

Munthu aliyense amene adayendapo pa msewu wa N7, umene udutsa mumzinda wa Tete, nuwoloka mtsinje wa Revúbuè, nudutsa pakati pa tauni ya Moatize, nukwera pang'onopang'ono kuchoka m'chigwa chotentha cha Zambezi kufikira kumapiri a Zóbuè, pamalire a dziko la Malawi, adzavomerezana nane kuti pali chinthu chimodzi choopsa chimene maso athu achizolowera kufikira sitichiyesanso kanthu, ndicho mnyamata wa njinga yamoto, atakweza mayi ndi mwana wakubere, akulondola lole yaikulu mapazi ndi mapazi, moti atati atambasule dzanja angathe kukhudza chitsulo chake chakumbuyo. Ine ndinena kuti mchitidwe umenewu uyenera kuleka, ndipo oyenera kuuletsa choyamba ndife amene timakwera njingazo.

Msewu umenewu suli monga udaliri m'masiku a makolo athu. Chiyambire chaka cha 2011, pamene kampani ya Vale idayamba kutulutsa malasha m'migodi ya Moatize, imene idadzagulidwa ndi kampani ya Vulcan mu 2022, anthu adasonkhana kuno kuchokera kumadera onse kudzafuna ntchito, ndipo ambiri mwa iwo amene mgodi sudawalandire adapeza chakudya chawo pa njinga yamoto, imene ena aitcha mota, ndi abale athu a ku Mwanza aitcha kabaza. Malasha ambiri apita pa njanji, koma katundu wa dziko la Malawi wochokera kudoko la Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa ayenda pamsewu pomwepa, ndipo mlatho wa Kassuende, umene udatsegulidwa mu 2014 kuti upumitse mlatho wakale wa Samora Machel, utsanulira malole olemerawo m'boma lathu la Moatize usana ndi usiku. Pakati pa malole amenewa pali matanki a mafuta, ndipo zimene tanki yotere ingachite sitifunika kuuzidwa, pakuti pa 17 November 2016 moto wa tanki imodzi udapha anthu oposa 70 pamudzi wa Caphiridzange. Tsoka lija lidali ndi chiyambi china, koma litikumbutsa chimene chili m'mimba mwa chitsulo chimene mnyamata wa njinga achikhala kumbuyo kwake popanda mantha.

Tsono tiwerengere pamodzi, chifukwa nkhani iyi ili ya masamu amene mwana wa sukulu angawadziwe. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola idya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo ikafika pa makilomita 80 pa ola idya mamita 22. Munthu wogalamuka bwino, wosatopa ndi wosaledzera, ataya sekondi yathunthu kapena kuposerapo kuchokera pamene diso laona nyali zofiira kufikira pamene dzanja ndi phazi zagwira mabuleki. Ndiko kunena kuti iye amene atsata lole pa mtunda wa mamita 5 adzakhala atapitirira kale pamalo pamene loleyo idagwirira mabuleki, iye buleki asanaikhudze n'komwe. Atagwira bulekiyo, njinga siima pomwepo, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira uwirikiza kanayi. Powonjezera apo mayi wokwera, thumba la chimanga ndi mchenga umene mphepo yamwaza pa tala, mtundawo utalikabe.

Alipo anyamata amene ayankha kuti lole yolemera siima msanga monga njinga, ndi kuti chifukwa cha chimenecho woitsata alibe choopa. Mawu awo ali ndi kachoonadi pang'ono, koma aiwala zambiri. Lole yobwera kuchokera ku Blantyre yopanda katundu, mabuleki ake a mpweya akagwira, iima mwadzidzidzi. Aiwalanso kuti choopsa chachikulu chituluka kunsi kwa loleyo: dzenje la mumsewu limene matayala ake alitangadza bwinobwino lionekera kwa wanjinga litafika kale pa tayala lake lakutsogolo, chimodzimodzinso mwala umene dalaivala wina adatsekera nawo tayala nausiya pamsewu, mbuzi yogundidwa, kapena chikamba cha tayala lophulika. Wotsata lole moyandikira wapereka maso ake kwa munthu amene samdziwa, pakuti iye saona kutsogolo, ndipo dalaivala nayenso samuona, popeza amene saona magalasi a m'mbali a lole, mwini loleyo sangamuone iye. Pa zitunda za kufupi ndi Zóbuè, pamene malole akwera movutika ndi nkhungu itsika m'miyezi yozizira, lole ingabwerere m'mbuyo pang'ono posintha magiya, ndipo kupang'ono kwa lole kuli kokwanira kuthyola mwendo wa munthu.

Sindifuna kuwaweruza anyamatawa monga ngati ali opusa, pakuti zifukwa zawo ndizidziwa ndipo zina zimvetsa chisoni. Ambiri njinga si yawo, ndipo mwini wake afuna ndalama yake dzuwa likamalowa, kaya okwera adalipo kaya padalibe. Ena abisala kumbuyo kwa lole kuti mphepo isawakankhe ndi mafuta asathe msanga. Ena ayandikira kuti apeze podumphira, osadziwa kuti wokhala patali ndiye aona bwino ngati kutsogolo kukubwera galimoto, ndipo ali ndi malo otengera liwiro. Ndipo ochuluka adaphunzira njinga pabwalo la mpira kwa mnzawo, amene adawaonetsa magiya koma za mpata sadawauze, popeza iyenso sadauzidwe. Umphawi ufulumizitsa munthu, inde. Koma mafuta a kapu imodzi amene apulumutsa sangalipire bedi la m'chipatala cha ku Tete, ngakhale kulera ana amene atate wawo sadabwere madzulo.

Muyeso wake ndi wapafupi, ndipo sulira chipangizo chilichonse. Wanjinga asankhe chizindikiro cha m'mbali mwa msewu, kaya mtengo wa mlambe, kaya chikwangwani, ndipo galimoto yakutsogolo ikachipitirira, atchule modekha dzina la dera la Kambulatsitsi katatu. Akafika pachizindikirocho asanamalize, wayandikira koposa, abwerere m'mbuyo. Amenewo ndi masekondi atatu, ndiwo mamita 50 pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo ubwino wa kuyesa ndi nthawi uli pakuti mpatawo ukula wokha pamene liwiro likula. Mvula ikagwa, usiku, m'fumbi, kapena atanyamula katundu wolemera, atchule kanayi kapena kasanu. Mpata umenewu umtchinjirizanso kwa lole imene ili kumbuyo kwake, chifukwa wokhala ndi malo kutsogolo agwira buleki pang'onopang'ono, napatsa womtsatayo nthawi yakuona ndi kuima. Wina akalowa pampatapo, monga achitira oyendetsa maminibasi a chapa, asapse mtima, angoupanganso. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi atatu pa ulendo wa kuchokera ku Moatize kufika pa Mussacama sadachedwetsepo munthu ku maliro kapena kumsika.

Lamulo la pamsewu la Mozambique lilamula kale woyendetsa aliyense kusiya mtunda wokwanira pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo, koma wapolisi aima pamalo amodzi, ndipo mpata utayika pakati pa thengo pamene palibe yunifolomu. Chifukwa chake ndipempha a INATRO, bungwe loona za pamsewu, ndi akuluakulu a boma la Moatize kuti apite kumene anyamatawa aimika njinga zawo, akawaphunzitse m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, ziyankhulo zimene iwo alota nazo. Ndipemphanso atsogoleri a magulu a anjinga kuti mnyamata watsopano asapatsidwe malo pa siteji asanaonetse kuti muyeso uwu audziwa.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene thupi lake lili pachiswe ndinu amayi ndi abambo amene mukhala pampando wakumbuyo. Mwalipira ndalama yanu, ndipo ulemu sukuletsani kulankhula. Mukaona kuti nambala ya lole ikuwerengeka bwino ndi fumbi lake likukulowani m'maso, gwirani phewa la mnyamatayo ndi kumuuza kuti, "Achimwene, bwererani m'mbuyo pang'ono, sitikuthamangira kanthu." Akakana, muuzeni aime, tsikani, ndipo mudikire njinga ina.